Nyimbo imene inatigonjetsa pa chisankho cha ophunzira

Ndili m'chaka chachitatu pa sukulu ya ukachenjede, mesho wanga, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, anaganiza zopikisana nawo pa mpando wa pulezidenti wa bungwe la ophunzira, ndipo popeza anzathu ankati ndimatha kulemba, ntchito yomukonzera zolankhula inagwera ine popanda wondifunsa ngati ndinkaifuna. Tinagonja. Kugonjako pakokha sikundisowetsa tulo, chifukwa aliyense wolowa mpikisano amadziwa kuti mpando ndi umodzi. Chimene chimandibwererabe m'maganizo mpaka lero n'chakuti tinagonja pa usiku womwe tonse tinakagona tikuimba kuti tapambana, ndipo amene anatigonjetsa anagwiritsa ntchito pakamwa pa anyamata athu omwe, osawalipira ngakhale tambala.

Sinditchula dzina la sukuluyo kapena la aliyense wa anthuwo, poti ambiri a iwo tsopano ndi makolo ndipo ena ali m'maofesi olemekezeka. Komabe amene anaphunzirako ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda kapena ku Mzuzu sadzavutika kuzindikira zimene ndikunenazi, chifukwa kakopedwe ka mavoti a ophunzira n'kofanana kwambiri m'masukulu onsewa.

## Zida zimene tinali nazo

Mesho wanga anali ndi zonse zimene anthu ankati wofuna mpandowu ayenera kukhala nazo. Anali wamtali, wa mawu aakulu, ndipo Chizungu chake chinkachita kutulukira m'mphuno. Pa sukulu ya ukachenjede chimenechi ndi chida chenicheni cha kampeni, moti ntchito yanga yaikulu inali kufunafuna mawu aatali oti awaike kumapeto kwa ndime iliyonse. Ndinaona msanga kuti khamu la ophunzira limaombera m'manja kwambiri liwu limene silinalimvetse bwino, chifukwa palibe amene amafuna kuti mnzake woyandikana naye adziwe kuti liwulo lamudutsa.

Maposita tinakasindikiza m'tauni. Pachithunzi anavala suti yobwereka, manja atapinda pachifuwa, ndipo pansi pake tinalembapo dzina lake losereula, lalifupi loti likwane m'nyimbo komanso loti munthu alikumbukire ali yekha ndi pepala lovotera. Tinkamata usiku pamitengo, pazitseko za zimbudzi ndi pakhomo la malo odyera, ndipo pofika m'mawa ambiri ankakhala atang'ambidwa kapena atamatidwa a munthu wina pamwamba. Nawonso anyamata athu sankagona pa ntchito yomweyo.

Anyamata amenewa ndiwo tinkawatchula kuti a morale. Anali ndi mavuvuzela, mawezulo ndi zidebe zoimba ngati ng'oma, ndipo malipiro awo anali tchipisi cha pa chiwaya, mowa madzulo ndi tisheti ya nkhope ya mesho wanga. Ntchito yawo inali kuonetsa kuti munthu wathu ali ndi anthu. Wophunzira amene sanaganize woti amuvotere akaona gulu likudutsa likuimba dzina limodzi tsiku ndi tsiku, amayamba kukhulupirira kuti chisankho chatha kale, ndipo anthu ambiri safuna kutaya voti pa munthu woti agonja. Kuwonjezera apo tinkagogoda m'zipinda za m'mahositelo usiku anthu atabwerako kowerenga, ndipo m'mawa tinkapempha oimira makalasi kuti atipatse kamphindi mphunzitsi asanalowe.

Koma khadi lathu lalikulu linali fizi. Chaka cha 2016 khonsolo ya University of Malawi inakweza fizi kufika pa K400,000, ophunzira anapita pamsewu, ndipo pomaliza Peter Mutharika anatsitsako K50,000. Nkhaniyi inali ikadali m'kamwa mwa wophunzira aliyense m'dziko muno, ndipo mesho wanga anali ndi chithunzi chimene anajambulidwa pa zionetsero, atamanga tisheti kumphuno chifukwa cha utsi wokhetsa misozi. Chithunzi chimenecho tinachiyendetsa mu foni ya aliyense. Kulimba mtima pamaso pa apolisi ndi satifiketi yolemekezeka kwambiri m'ndale za ophunzira, ndipo pali chifukwa chake. Mu March 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a ku Chancellor College anaguba poyera kugwirizana nawo pa nthawi imene akuluakulu ambiri ankangonong'ona, ndipo koleji inatsekedwa. Mu 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa mphunzitsi wa pa kolejiyo, Blessings Chinsinga, kukamufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi, ophunzira anaima pamodzi ndi aphunzitsi awo pa mkangano umene unatseka makalasi kwa miyezi yambiri. Aliyense wofuna upulezidenti wa ophunzira amayesetsa kuoneka ngati mdzukulu wa anthu amenewo, ngakhale amene mtima wake uli pa ndalama za bungwe basi. Choncho m'zolankhula zonse zimene ndinalemba munali lonjezo loti fizi itsika, ndipo palibe wa ife amene anafunsa kuti itsika bwanji.

## Masamu a kuseri

Zoimbaimbazo n'za masana. Masamu enieni a chisankho ankachitika m'chipinda chathu pakati pa usiku, zitseko zili zotseka, ndipo ankawerengedwa m'magulu osati munthu mmodzimmodzi.

Gulu loyamba ndi mayaro, chifukwa a chaka choyamba ndiwo ochuluka, ndiwo amavota mwachidwi, ndipo sanakhumudwitsidwepo ndi mtsogoleri aliyense. Makonti, amene anadutsa kale chaka choyamba, ambiri anatopa kale ndi malonjezo. Kenako pali mabungwe a ophunzira ochokera boma limodzi, amene poyera ndi othandizana pa maliro ndi pa ulendo wa tchuthi, koma pa kampeni wapampando wawo amalankhulidwa ngati munthu wonyamula mavoti m'thumba. Nthawi imeneyo nkhani ya kota, ija yosankha ophunzira potengera maboma imene inabwezeretsedwa mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, inali ikadali yotentha, moti funso lakuti munthu ndi wa kuti silinkanenedwa pa nsanja koma linkamveka m'chipinda chilichonse. Pali magulu a mapemphero, amene mtsogoleri wawo sanganene paguwa kuti muvotere uje, koma akangomuitana munthu kuti apereke moni pa mapemphero a Lachisanu uthenga wafika. Palinso kusinthana mipando: inu mutipatse pulezidenti, ife tikupatsani msungichuma.

Za ndalama za zipani aliyense amakana. Ndingonena kuti matisheti athu sanagulidwe ndi ndalama za mesho wanga, amene sabata zina ankabwereka sopo kwa ine, ndipo munthu amene anawabweretsa anafika pagalimoto n'kuchoka osalowa m'chipinda.

Pa masamu onsewa panali magulu awiri amene tinkawadumpha mwachangu. Atsikana tinkati adzatsatira zibwenzi zawo ndi anzawo a m'kalasi. Ophunzira ogona kunja kwa sukulu, m'tinyumba ta lendi ta m'makomboni oyandikana nayo, tinkati sabwera pa tsiku lovota chifukwa kulibe makalasi ndipo sangayende mtunda wonsewo chifukwa cha pepala limodzi. Wopikisana nafe wina anali mtsikana wa chaka chachitatu, wofatsa, wa maposita ochepa osindikizidwa pa pepala wamba. Dzina lake m'chipinda chathu linkatchulidwa pofuna kuseka basi.

## Usiku wa manifesto

Holo inadzaza nthawi isanakwane. Anthu anakhala m'mawindo, ena anaimirira pamipando kumbuyo, ndipo kutentha kwake kunali koti malaya ankamata pamsana. Monga mwa mwambo, anayamba ndi a mipando ing'onoing'ono. Wofuna zamasewera analonjeza mayunifomu atsopano, wofuna zachisangalalo analonjeza kubweretsa oimba amene ngakhale iye mwini sakanatha kuwapeza pa foni, ndipo pofika nthawi ya mapulezidenti theka la holo linali litaledzera, kaya ndi mowa kaya ndi phokoso. A komiti yoyendetsa chisankho anakhala patebulo pambali ndi belu, ndipo aliyense anapatsidwa mphindi zake zowerengeka.

Mesho wanga analowa atanyamulidwa pamapewa. Analankhula bwino kuposa mmene ankachitira poyeserera, ndipo pa liwu lililonse lalitali limene ndinamuikira holo inkachita kugwedezeka. Atafika pa fizi anavula jekete n'kuiponya pansi, chinthu chimene tinakonza kale kuti achite, ndipo belu litalira palibe amene analimva. Ndinali nditaima pafupi ndi nsanja, pepala lili m'manja, mtima uli m'malo.

Kenako anaitana mtsikana uja. Sanalowere khomo lalikulu. Anatulukira pakakhomo ka pambali ali yekhayekha, wopanda womuperekeza kapena womuimbira, atavala diresi wamba ndipo atanyamula kope la chikuto cholimba, longa limene amayi a m'magulu osunga ndalama amalembamo masheya. Atafika pa maikolofoni anati, "Anzanga, mwaswera bwanji?"

Kupereka moni m'Chichewa pa usiku wa manifesto kunali ngati kuvomereza kuti sukulu yakukanika. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Chizungu chavuta!" ndipo holo inafa ndi kuseka. Pomwepo anyamata athu a morale anayambitsa nyimbo. Anatenga kaimbidwe ka ku mpira n'kuikamo mawu awo, onena za thupi lake, za miyendo yake, ndi akuti atsike akaphike nsima. Sindibwereza mawuwo pano. Zidebe zinalira, ena amene sanali a mbali iliyonse analowerera chifukwa nyimboyo inali yosavuta kuigwira, ndipo m'kanthawi kochepa mbali yonse ya kumanzere kwa holo inali itaimirira.

Iye sanayankhe. Anatsitsa maikolofoni, anagwira kope lija ndi manja awiri, n'kuima chilili akuyang'ana oimbawo. Sanayang'ane pansi, sanamwetulire, ndipo sanatembenukire kwa a komiti kuti amuthandize. Mphindi zake zinkapita iye akuona. Ndimakumbukira kuti ndinamumvera chisoni cha mtundu umene munthu amamvera wopikisana naye amene wagonja kale, ndipo ndinaganiza kuti mantha amuumitsa thupi. Botolo la pulasitiki linachokera kumbuyo n'kugwera pafupi ndi phazi lake, madzi n'kumuthovukira pa diresi. Sanasunthe.

Nyimbo ya chipongwe imafuna woiyankha. Ikasowa wolira kapena wotukwana, oimbawo amayamba kudzimva okha mawu awo, ndipo mmodzimmodzi amasiya. Itazirala, mtsikanayo anakweza maikolofoni n'kufunsa mwaulemu, ngati akufunsa mlendo amene wamaliza kusamba m'manja, kuti, "Mwamaliza, achimwene?"

Panali kaphokoso ka kuseka kwa mtundu wina, kochokera kumbali imene kunakhala atsikana. Ndipo m'nthawi yochepa imene inamutsalira ananena zinthu zimene ine monga wolemba zolankhula sindikanalola munthu wanga kunena. Anati fizi sangaitsitse, chifukwa amene amaika fizi ndi khonsolo ya yunivesite osati bungwe la ophunzira, ndipo amene akulonjeza zimenezo afunsidwe kuti adzasaina pa pepala liti. Anatsegula kope lija n'kuyamba kuwerenga, osatchula maina. Anawerenga za yaro amene dzina lake linasowa pa mndandanda wa olandira ngongole ya boma ndipo ankadya kamodzi patsiku. Anawerenga za atsikana ogona mothithikana m'kachipinda ka lendi kopanda loko wodalirika, ndi za kanjira kamdima kochokera ku laibulale kupita kumakomboni, kamene atsikana anasiya kudutsamo okha usiku, zimene zinkatanthauza kuti pa nyengo ya mayeso ankasiya kuwerenga anzawo a m'mahositelo akadali pakati. Belu linalira ali pakati pa chiganizo. Anatseka kope, anatola botolo lija n'kuliika patebulo la a komiti, n'kutulukira pakakhomo komwe kaja.

Anyamata athu anamukuwiza mpaka kunja. Usiku umenewo m'chipinda chathu munali chisangalalo, ndipo ena anayamba kale kukangana za amene adzakhale pafupi ndi pulezidenti pa mwambo wolumbira.

## Kanema wosakwana mphindi imodzi

Kutacha, mnzanga wina wamkazi wa m'kalasi, amene masiku onse ankandipatsa moni ndi nthabwala, anangondionetsa foni yake osanena kanthu. Munali kanema wachidule wa pa WhatsApp. Ankayamba ndi moni uja wa m'Chichewa, kenako nyimbo, ndipo wojambulayo anali kuseri kwa nsanja kotero kuti mtsikanayo ankaoneka chakumbuyo, wamng'ono, pamene nkhope za oimba zinkaoneka bwinobwino, pakamwa pali yasa, aliyense atavala tisheti ya nkhope ya mesho wanga. Botolo linkaoneka likugwa. Kanemayo ankathera pa funso lija lakuti, "Mwamaliza, achimwene?" Pansi pake panali mawu ochepa okha ofunsa ngati ukanaimba nawo akanakhala mchemwali wako.

Kanemayu sanaponyedwe m'magulu akuluakulu a sukulu kumene anyamata athu akanamuyankha ndi chipongwe china. Anayenda usiku wonse kuchoka pa foni ya mtsikana kupita pa foni ya mtsikana mnzake, m'magulu a mahositelo a atsikana, a makwaya, a mapemphero ndi a ogona kunja. Ife amene tinkadzitama kuti tili ndi makutu paliponse tinamuona dzuwa litatuluka.

Tsiku lomwelo linali lovota, ndipo pamalo ovotera mzere unali utayamba kale a komiti asanabweretse mabokosi. Unali mzere wachete, wa atsikana ambiri, ndipo pakati pawo panali nkhope zimene sindinkaziona kawirikawiri pa sukulu tsiku lopanda makalasi, nsapato zili ndi fumbi la kumakomboni. Anyamata athu a morale ambiri anadzuka mochedwa ndi matsire, ndipo ena sanavote n'komwe poti ankati zatha kale. Ine ndinali monita pa kuwerenga mavoti madzulo ake. Wa komiti ankatsegula pepala lililonse n'kutchula dzina mokweza, ndipo munthu ukamamva dzina limodzi likubwerezedwa motsatizana umasiya kulemba timizere pa pepala lako nthawi isanakwane.

## Zimene ndinamva pa chiwaya

Patapita masiku angapo ndinakumana ndi amene ankayendetsa kampeni ya mtsikanayo, mnyamata wowonda wa chaka chachinayi amene sindinamuonepo akuimba kapena kumata posita. Tinaima pa chiwaya tikudikira tchipisi, ndipo ndinamuuza moona mtima kuti anali ndi mwayi kuti anyamata athu anapusa usiku uja.

Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Amwene, nyimbo ija tinaidziwa kukadali masiku. Anyamata anu ankayeserera kuseri kwa hositelo, mawindo a anthu ali otsegula."

Kenako anandifotokozera zonse mosabisa, monga munthu amene ntchito yake yatha ndipo akufuna wina woti aiyamikire. Atamva nyimboyo anali ndi njira ziwiri: kukadandaula kwa a komiti kuti ailetse, kapena kuisiya kuti iimbidwe pamaso pa sukulu yonse. Anasankha yachiwiri. Kulowa yekha kunali kokonza, ndipo anzake amene ankafuna kumuperekeza anachita kuletsedwa. Moni wa m'Chichewa unali nyambo, poti ankadziwa kuti anyamata athu sangaupirire. Usiku uliwonse sabata imeneyo ankamutengera m'kalasi yopanda anthu, anzake n'kumamutukwana mokweza iye ataima ndi kope m'manja, mpaka anazolowera kusagwetsa nkhope. Mafoni ojambula anaikidwa m'malo osankhidwa, ndipo wa kuseri kwa nsanja anauzidwa kuti asajambule nkhope ya mtsikanayo koma matisheti.

Ndinamufunsa za botolo. Anati, "Limenelo silinali lathu. Munatipatsa ngati basela."

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi zimene ananena pambuyo pake, tchipisi chili m'manja. Anati kanema uja sanasinthe maganizo a munthu aliyense, ndipo sankayembekezera kuti atero. Anthuwo anali awo kale. Kope lija linali lenileni, ndipo linayamba kulembedwa sabata imene mayaro ankafika, miyezi yambiri kampeni isanatsegulidwe. Mtsikanayo ndi anzake ankakhala pafupi ndi ofesi yolembetsera, kuthandiza ofika kumene kudzaza mafomu a ngongole, kuwalozera nyumba za lendi zimene eni ake sabera ana, ndi kulemba vuto la aliyense pamodzi ndi nambala yake ya foni. Vuto la kampeni yawo linali limodzi lokha, lomwe lija ife tinkalidalira: anthu oterewa amakuthokoza ndi mtima wonse koma pa tsiku lovota sabwera. Chimene chinkasowa chinali mkwiyo woti uwadzutse m'mamawa n'kuwayendetsa mtunda wonse uja, ndipo mkwiyowo anaupeza kwa ife.

## Chimene chimandivutabe

Ndakhala ndikusinkhasinkha nkhaniyi kwa zaka, ndipo sindipeza bodza limene iwo ananena. Nyimbo inaimbidwadi, oimba anali athudi, mawu ake anawapeka okha popanda wowatuma wa mbali ina, ndipo zimene zinali m'kope zinali zoona. Poyerekeza ndi lonjezo lathu la fizi, kampeni yawo ndiyo inali yoyera. Komabe pali chinachake chimene chimandikanda ndikakumbukira kunyadira kwa mnyamata uja, chifukwa iye anakonza dongosolo ali kumbuyo, koma amene anaima pa nsanja kumvera holo yonse ikuimba za miyendo yake anali munthu wina. Ndiponso atsikana amene anaima pamzere m'mamawa uja anakwiya poganiza kuti aona mnzawo atadzidzimutsidwa, osadziwa kuti ngakhale poima wojambula panali posankhidwa.

Tsiku lina ndinakumana naye mtsikanayo pa masitepe a laibulale, ali kale pulezidenti, ndipo ndinalimba mtima kumufunsa ngati sankaona kuti anzake anamugwiritsa ntchito. Anandiyang'ana monga anayang'anira anyamata aja n'kunena kuti, "Achimwene, akanaimba ndithu, kaya tikonzekere kaya tisakonzekere. Mtsikana aliyense amene anaimapo pa nsanja ija anaimbidwa. Ine ndinangosankha kuti ndisaimbidwe ulele."

Yankho limeneli linanditseka pakamwa, ngakhale silinachotse nkhawa yanga yonse. Iye anali ndi ufulu wosankha zimenezo chifukwa thupi lonyozedwalo linali lake. Amene ndimamukayikirabe ndi wokonza dongosolo, chifukwa munthu amene waphunzira kuti chipongwe chochitidwa kwa munthu wake chimabala mavoti sakhalanso ndi chifukwa chofunira kuti chipongwecho chithe.

Tikamadzudzula kampeni zoipa m'dziko muno timathamangira ku zogawagawa, ndipo n'chifukwa chake lamulo la zipani la 2018 linaletsa andale kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Pa sukulu nazonso n'zimene zimaoneka msanga: mowa, tchipisi, mayunitsi ndi mabandulo a intaneti. Koma pa zida zonse zimene ndinaona, chimenechi ndicho chinali chofooka kwambiri. Wophunzira wanjala amadya kwa onse opikisana, amavala tisheti ya uyu masana ndi ya uyo pogona, ndipo akafika pa bokosi amakhala yekha. Zida zimene zinagwira ntchito palibe lamulo limene lingaziletse: kumudziwa munthu dzina ndi vuto lake miyezi yambiri chisankho chisanafike, kunena choonadi chimodzi chowawa pamalo pamene ena onse akulonjeza, ndi kudziwa mdani wako mokwanira kuti umusiye adzipweteke yekha. Ambiri amene amaphunzira luso limeneli m'maholo a sukulu za ukachenjede amakathera m'makomiti a kampeni a zipani, kotero kuti lero ndikalandira kanema wa wandale akukuwizidwa kapena kugendedwa, ndimamvabe chisoni poti mwala umapweteka ndithu, koma ndimafunsanso kuti wojambulayo anaima pati ndipo anafikapo nthawi yanji.

Za ulamuliro wa mtsikana uja ndinene mwachidule. Fizi sinatsike, monga ananenera. Mbali ina ya kanjira kaja inaikidwa magetsi atalimbana ndi maofesi kwa nthawi yaitali, mbali ina inatsala mumdima, ndipo pofika kumapeto kwa chaka anyamata omwe aja ankamunena kuti ndi wofewa pamaso pa akuluakulu a sukulu.

## Chaka chotsatira

Nkhani ya mmene kanema uja anakonzedwera sinakhale chinsinsi, poti mnyamata uja sanauze ine ndekha. Pofika kampeni yotsatira aliyense anali katswiri. Opikisana onse anafika pa usiku wa manifesto atanyamula makope a chikuto cholimba, ena mwachionekere ogulidwa tsiku lomwelo, ndipo atatu anayamba ndi moni wa m'Chichewa, mmodzi n'kuwonjezerapo Chitumbuka ndi Chiyao kuti asasiye aliyense. Anyamata a morale analangizidwa mwamphamvu kuti wa mbali ina akamalankhula azikhala chete, moti kwa nthawi yoyamba munthu ankatha kumva manifesto kuchokera kumbuyo kwa holo, ndipo zinadziwika kuti ambiri mwa mamanifestowo analibe kanthu.

Mnyamata wina wofuna upulezidenti, ataona kuti palibe amene akufuna kumukuwiza, anakonza yekha. Ali pakati polankhula, kagulu ka anyamata kanaimirira pakona n'kuyamba kumuimba nyimbo yachipongwe, iye n'kutsitsa maikolofoni n'kuima chilili ndi nkhope yachisoni, mnzake akujambula kuseri kwa nsanja. Zinatenga kanthawi kochepa kuti wina azindikire oimbawo, n'kukuwa kuchokera pawindo kuti, "Amenewotu ndi a m'hositelo mwako, winayo ndi mesho wako!" Oimbawo anakhala pansi mmodzimmodzi, ndipo mnyamatayo anamaliza mphindi zake akuwerenga m'kope anthu akuseka. Pa chisankho anathera kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa munthu amene analibe ndi posita yomwe.